Chitsulo Chosafiira

Mng'aluwo a Mbaliwali anauona m'mawa akukolopa kuchipinda. Ananyamula choyendera cha akazi awo kuti chokolopera chidutse, ndipo mwendo wakutsogolo wa kumanzere unagwedera m'manja mwawo ngati dzino la nkhalamba. Anapita nacho pazenera n'kuchiyandikizitsa kumaso, pakuti maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Pamene kapaipi kopingasa kamakumana ndi mwendo panali kamzere kakuda, kopyapyala ngati tsitsi, kozungulira pafupifupi mfundo yonse.

Choyenderacho chinali cha miyendo inayi, cha aluminiyamu, chopepuka ngati bango. Anapatsidwa kuchipatala chaka chimene mayiwo anafa ziwalo mbali ya kumanzere, ndipo eni ake ankachitcha bulu. Bulu ndiye ankawafikitsa kuchimbudzi. Bulu ndiye ankawafikitsa pampando wa pabalaza, pamene ankakhala tsiku lonse n'kumanena madiresi a anthu odutsa mumsewu, pakuti anali telala moyo wawo wonse ndipo msoko wokhota ankauonera patali. Akafuna amuna awo sankaitana, mawu anali atachepa. Ankangonyamula bulu n'kumenyetsa pasimenti, ndipo kumenyetsako ndi kumene kunadya mfundoyo.

"Mwaona chiyani mukuchita kuuma chonchi?" anafunsa mayiwo ali pabedi, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa.

"Bulu wanu wathyoka mwendo."

"Ndiye mumangeni. Kodi a Mbaliwali alipo awiri?"

Dzinali anawapatsa ndi anzawo kalekale, nthawi imene ankawotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Malaya awo onse anali obookabooka ndi mbaliwali za moto, moti akazi awo ankadandaula kuti anzawo anakwatiwa ndi amuna, iwo anakwatiwa ndi sefa. Tsopano makina anali atagulitsidwa, maso atawakana ntchito. M'kashedi ka kuseri kwa nyumba munangotsala tebulo, chopanira, matupa, nyundo ndi dzimbiri.

Kuthyoka kwa bulu sikunali nkhani ya bulu yekha. Mwana anali mmodzi, wamkazi, wokwatiwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Ulendo womaliza umene anabwera anapeza mayi ake ali ndi bala pachigongono, ndipo analankhula mosakweza mawu, monga amachitira ana akayamba kulera makolo. Anati tsiku limene amayi adzalephere kudziyendera okha m'nyumba, kapena kudzagwanso, iye adzawatenga. Malo analipo a munthu mmodzi, bedi la m'chipinda cha zidzukulu zazikazi. Za bambo ake sananene kanthu, ndipo panalibe chonena. Mwamuna wamkulu sagona m'chipinda cha atsikana. Tsono mwanayo anali ataimba foni kuti akubwera Loweruka ndi amuna ake, pagalimoto, kudzangoona. A Mbaliwali ankadziwa kuti munthu wodzangoona amakwera basi.

Anayamba ndi kuchipatala. Kumeneko anawauza kuti zoyendera zinatha, zina zili m'njira, azingofunsafunsa. M'masitolo a mankhwala anawaonetsa ndodo za mwendo umodzi, zimene mayiwo sakanatha kuimirira nazo. Kenako anamunyamula bulu paphewa mpaka kwa owotcherera a kumsika, amuna a magalasi akuda ndi makina olira. Iwo anamutembenuzatembenuza, n'kumubweza. Anati makina awowo akangomukhudza, bulu asanduka madzi, ndipo amene ali ndi makina a aluminiyamu ali kumafakitale, kumene munthu wonyamula katundu paphewa salowa pageti. Mmodzi anawapatsa nzeru yoti amange ndi mphira. A Mbaliwali anabwezera bulu paphewa.

Pobwerera anapeza anthu ataunjikana pafupi ndi pokwerera basi. Pakati pawo panali mwamuna wa chipewa chopindika, atayala tebulo la makatoni, ali ndi kabotolo ka gasi m'manja. Ankabowola chitini cha chakumwa ndi msomali, n'kupala pabowopo ndi burashi yonyezimira, n'kuwomba lawi kwa kanthawi. Kenako ankakhudzitsa kandodo koyera, kowonda ngati muzu wa udzu, ndipo kandodoko kankangoyenderera kokha n'kutseka bowo. Chikazizira ankachimenya ndi nyundo. Chitini chinkaphwanyika, chigamba osasuntha.

Pakamwa pake sipankapuma. Ankati mapoto, maredieta, makwerero, mabwato, zonse zimachira. Ankati aluminiyamu amavala khungu losaoneka limene liyenera kupalidwa ndi burashi yatsopano, yosachita dzimbiri, yoti sinalawepo chitsulo wamba. Ndipo ankabwereza mawu amodzi ngati mlaliki: osawotcha ndodo, ndodo si nyama, tenthetsani chinthu chanucho, ndodo izingokhudza, ikafuna isungunuka yokha.

A Mbaliwali anagula tindodo tingapo. Burashi anakana. Amalonda onse ali choncho, anaganiza, akakugulitsa nsapato amafuna ugulenso mapazi. Wamalondayo atayamba kuwabwerezera malangizo, iwo anamudula.

"Mwana iwe, moto ndinayamba kuugwira mayi ako asanamere mano."

"Ndiye moto ukukudziwani, madala," anatero iye akukulunga tindodoto m'pepala. "Koma chitsulo ichi sichikukudziwani."

Kabotolo ka gasi anabwereka kwa mnansi wawo wokonza mafiriji, amene anawachenjeza kuti kapepuka kale, asachite nako masewera. Lachisanu masana anatsegula kashedi kaja, n'kuchotsa akangaude patebulo. Pofuna kuyesa dzanja anayamba ndi chipaipi cha aluminiyamu cha eriyo yakale ya wailesi chimene chinali padenga la shediyo.

Kulikonse kumene munthu ungapite, ukapeza wowotcherera wakale adzakuuza chinthu chimodzi, kuti chitsulo chimalankhula. Ukachiika pamoto chimayamba chada, kenako chifiira ngati chiwindi, kenako chiwala ngati khala la pakati pa mbaula, ndipo mtundu uliwonse uli ndi uthenga wake. Wina ukuti dikira, wina ukuti tsopano, wina ukuti wachedwa. A Mbaliwali anadya, kuvala ndi kuphunzitsa mwana chifukwa chomvera chinenero chimenecho. Ndiye anaika lawi pachipaipi n'kudikira kuti chifiire. Chipaipi chinangokhala mbuu, monga chinalili. Anayandikizitsa lawi. Chinangokhalabe mbuu. Anasuzumira, akuganiza kuti mwina ndi maso awo, ndipo nthawi yomweyo chipaipi chinakwinyika khungu ngati mkaka wowira n'kugwera m'kati. Pamene panali chitsulo panatsala dzenje ndi dontho lonyezimira pansi.

Anaima nthawi yaitali akuyang'ana dzenjelo. Chitsulo chosachenjeza anali asanachionepo. Chinawakumbutsa mmene akazi awo anagwera, akudula nsalu, akuseka, opanda ngakhale mutu kuwawa dzulo lake. Anayesanso pambali pake, ndipo anabowolanso. Kabotolo kanali kupepukirapepukira.

Pamene ankamuika bulu m'chopanira, manja awo anali atalowa mantha, ndipo mantha ndi mmisiri woipa. Bulu analipo mmodzi. Akamubowola ndiye kuti akazi awo awakweza okha pagalimoto. Anapala mfundoyo ndi burashi yawo yakale yawaya, imene inadya dzimbiri la mageti a m'dera lonselo. Pofuna kuteteza mphira ya pogwirira, anakulunga nsanza yonyowa m'munsi mwake. Sanadziwe kuti aluminiyamu amathamangitsa kutentha ngati mphekesera, ndipo nsanzayo ndi chopanira chija zinkamwa moto wonse umene iwo ankathira. Lawi analigwirira patali, akulisuntha msangamsanga ngati munthu wopatsa galu wachilendo chakudya. Anakhudzitsa kandodo. Kanakana. Anadikira pang'ono, n'kukhudzitsanso. Kanakanabe.

Apa dzanja linachita zimene linazolowera zaka zonse zija. Linalowetsa kandodo m'lawi. Kanasungunuka bwinobwino, kakudontha pamng'alu dontho ndi dontho, ndipo iwo anazungulira mfundo yonse mpaka kamzere kakuda kaja kanakwiririka. Lawi linayamba kuchita chikasu, linaphethira, n'kuzima. Gasi anathera pomwepo.

Chitazizira anachisalaza ndi tupa, kenako ndi sandipepa. Ntchito inaoneka yokongola, mphete yasiliva yozungulira mwendo, yosalala ngati yochokera kufakitale. Atapita naye bulu kuchipinda, mayiwo anasisita mfundoyo ndi chala cha dzanja lamoyo, monga ankachitira poyesa msoko wa wophunzira. Anati sefa yawo ikadali ndi ntchito. Anafuna kuimirira pomwepo, koma amuna awo anati chigone kaye, chikhwime. Sizinali zoona kuti chimafuna kugona, koma mtima wawo unali usanakhazikike, ndipo madzulo amenewo anawatengera okha kuchimbudzi, atawakoleka paphewa, onse awiri akupuma ngati akwera phiri.

A Mbaliwali anali ndi lamulo limene sanaliphwanyepo: ntchito siituluka pakhomo isanamenyedwe. Ankatenga kanyundo kakang'ono, n'kugogoda pamene awotcherera, khutu lili pafupi. Pogwirana bwino pamaimba. Ponama pamatsokomola. Maso anali atapita, koma makutu anali akadali awo. Loweruka m'mawa, atawasambitsa mayiwo ndi kuwaveka diresi la maluwa limene anasoka okha, anatuluka naye bulu pakhonde n'kugogoda.

Panatsokomola.

Anagogoda mwendo winawo, wosathyoka, kuti amve kusiyana. Unaimba. Anabwerera pamfundo yawo. Kenako anatulutsa kampeni m'thumba n'kulowetsa nsonga m'mphepete mwa mphete yasiliva ija. Nsongayo inalowa pansi pake mosavuta, ngati pansi pa nkhanambo. Chitsulo chosungunukacho chinangokhala pamwamba, chitavala mwendo ngati sokosi, osaluma paliponse.

Anagogoda kwa wokonza mafiriji, koma anali atapita kuntchito, ndipo akazi ake anati gasi wina palibe mpaka sabata yamawa. Foni inalira. Mwana anati adutsa kale pamlatho waukulu, asavutike ndi kuphika.

Za mfundoyo anawauza akazi awo ataimirira pakhomo la kuchipinda, osalowa. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, akuyang'ana manja awo. Kenako anafunsa ngati munthu angaone ndi maso kuti sipanagwire. Amuna awo anati ayi. Anafunsa ngati pangapirire kuchokera pabedi kukafika pampando wa pabalaza. Iwo anati mwina, munthu akapanda kutsamira kumanzere.

"Ndiye vuto lili pati? Ndiyenda kamodzi, aone, adye, azipita. Zinazo tiona Lolemba."

"Mukatopa mumatsamira kumanzere."

"Lero sinditopa."

"Mayi inu, pansipa ndi pasimenti. Mukathyola chiuno..."

"Ndikathyola ndithyolera m'nyumba mwanga." Anapukuta malovu pakona ya mlomo ndi kansalu. "Kumene mukufuna kundiperekako ndikakhala katundu. Azikandisuntha akafuna kusesa. Ndipo inuyo, ndani azikakuuzani kuti malaya mwavala chobwerera? Tamverani, bambo inu. Zaka zonsezi sindinakupempheni kunama. Lero sindikutinso muname. Ndikuti mutseke pakamwa."

A Mbaliwali anamuika bulu pambali pa bedi, pamalo pake. Sanavomere, sanakane, ndipo m'banja lakale kusakana ndi kuvomera.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Mkamwini, munthu waulemu wosachedwa kuyang'ana wotchi, anatsitsa matumba a sopo ndi shuga. A Mbaliwali anaponya diso m'galimoto ndipo anaona kuti kumpando wakumbuyo kwayalidwa bulangete ndi pilo. Mwana anapita molunjika kuchipinda, anagwada pambali pa mayi ake, n'kuyamba mafunso: mankhwala, chakudya, tulo, chimbudzi. Mayiwo ankayankha mwanthabwala. Anati akudya ngati wolemba ntchito, akugona ngati mlonda, ndipo anamufunsa mwanayo kuti siketi yokhota mpendero chonchi anamusokera ndani, ndipo anamulakwira chiyani. Mwana anaseka, koma maso ake ankayendayenda m'chipindamo, ndipo anakaima pa mphete yonyezimira ija.

Anakulira m'shedi mwana ameneyu, akutola tizidutswa ta zitsulo. Anagwira mfundoyo n'kutembenukira kwa bambo ake.

"Panathyoka apa, ababa?"

"Panang'aluka."

"Mwakonza nokha? Mwapamenya?"

Funso limeneli sakanafunsa munthu wina aliyense padziko. A Mbaliwali anatsegula pakamwa, koma akazi awo anawatsogolera. Anati bambo akewo anamenya mpaka anansi anadandaula, ndipo m'malo mwa mafunso a kupolisi angopatuka, aone okha mmene nkhalamba imathamangira. Anadzikokera m'mphepete mwa bedi. Phazi lamoyo linafika pansi, lakufalo analitsitsa ndi dzanja. Anatambasula mkono kuti amukoke bulu.

A Mbaliwali ankaona zonse pang'onopang'ono. Anaona mtunda wochokera pabedi kukafika pakhomo, kenako kakhonde kopapatiza, kenako pokhotera pamene mayiwo nthawi zonse ankapumira, thupi lonse litagwera kumanzere. Anaona kupyapyala kwa mwendo umene unatuluka pansi pa diresi la maluwa. Anakumbukira kulira kwa mutu wa munthu pasimenti, pakuti anakumvapo kamodzi, ndipo sikutuluka m'khutu. Anaganizanso za nyumbayi mmene ingakhalire mawa, bedi lonse lili lawo.

Anafika pa bulu akazi awo asanamugwire.

"Dikirani. Ndiyambe ndine."

"Bambo inu," anatero mayiwo motsitsa.

Anagwira mphira zonse ziwiri, anasuntha bulu patsogolo pang'ono monga ankachitira eni ake, n'kuponya phazi. Mfundo inapirira. Anasunthanso, inapiriranso, ndipo anamva akazi awo akutulutsa mpweya kumbuyo kwawo. Akanatha kulekera pomwepo. Koma anachita zimene mayiwo ankachita akatopa: anagwetsa phewa lakumanzere n'kusiya thupi lonse kuti litsatire.

Sipanamveke phokoso lalikulu. Mpheteyo inasweka ngati chikhungwa cha dzira, mwendo unatangadza kunja, ndipo a Mbaliwali anagwa chogwada, bondo likukhula simenti. Mkamwini anathamanga kudzawadzutsa. Chidutswa chimodzi chinagubuduka mpaka paphazi pa mwana, amene anachitola n'kuyang'ana m'kati mwake. Munali mosalala, motuwa, mopanda pamene chinagwirapo. Anayang'ana bambo ake, kenako mayi ake, ndipo anamvetsa zonse, ndi zimene sanauzidwe zomwe.

Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino, munthu akanapeza poyankhira. Anangoika chidutswacho pawindo, anatsegula kabati, n'kuyamba kupinda zovala za mayi ake. A Mbaliwali anati gasi akapezeka akonzanso, tsopano adziwa pamene analakwitsa, moto umayenera kupita pachitsulo. Mwana anati inde, ababa, mukakonza mutiuze. Anapitiriza kupinda.

Mayiwo sanalire. Ankaloza ndi chala zoti zitengedwe ndi zoti zisiyidwe, akulankhula ndi mwana, ndi mkamwini, ngakhale ndi mphaka wa anansi amene analowa kudzanunkhiza matumba. Amuna awo okha ndi amene sanawaone. Pamene a Mbaliwali anabwera ndi juzi yawo yaubweya, mayiwo anauza mwana kuti alandire. Pamene anawerama kuti awanyamule, anati mkamwini ali ndi msana wabwino. Choncho anatuluka m'nyumba mwawo atanyamulidwa ndi mwana wa eni, amuna awo akutsatira pambuyo ndi thumba la mankhwala, magazi akudutsa pa thalauza.

Atawakhazika pabulangete paja ndi kuwatsamiritsa pilo, mwana anatsitsa galasi kuti makolo atsanzikane. A Mbaliwali anaika dzanja pachitseko. Mayiwo ankayang'ana kutsogolo, pamsana pa mpando.

"Uwauze bambo akowa kuti bondolo atsuke ndi madzi amchere," anatero kwa mwana. Anapuma kaye, akusonkhanitsa mawu. "Uwauzenso kuti ndikanafika pampando paja."

Mkamwini analiza galimoto. A Mbaliwali anachotsa dzanja.

Anaima pamsewu mpaka fumbi linakhazikika. Mwina akanafikadi. Mfundo ija inapirira kawiri pansi pa mwamuna wolemera kuposa mayiwo, ndipo iwo akatsimikiza chinthu ankachichita. Mwina akanafika, alendo n'kudya, n'kupita ndi pilo wawo, Lolemba gasi n'kupezeka. Anali ndi yankho lake, la pansi ponyowa pa kubafa, la masiku onse otsatira, koma woti amuuze panalibe, ndipo akalinena yekha mumtima silinkamveka lolimba ngati mmene linalili kuchipinda kuja.

Analowa kukhitchini, anatenthetsa madzi, n'kuthira m'beseni. Anakhala pampando, anapinda thalauza mpaka pamwamba pa bondo. Mchere anathira wambiri kuposa woyenera, ndipo anatsuka balalo nthawi yaitali, madzi mpaka kuzizira.